Funsani Malume: Kodi architecture ndi ya ana a mabwana okha?

Mwezi uno makalata atatu onse achokera ku Kasungu ndipo akuzungulira nkhani imodzi, ndiye ndangowaika pamodzi. Ena ndawadula pang'ono chifukwa cha malo, eni ake musakwiye.

FUNSO: Malume, ine ndine mtsikana wa zaka 18, kwathu ndi ku Chamama. Ndalemba Form 4 pa CDSS ndipo MSCE ndakhoza bwino ndithu makamaka masamu ndi physics. Chiyambire ku pulayimale ndimakonda kujambula nyumba kumapeto kwa kope, moti aphunzitsi ena anandiuza kuti podzaza mafomu a NCHE ofunsira malo ku yunivesite ndiike architecture, kosi ya zojambula mapulani a nyumba. Koma msuweni wanga amene ali ku koleji wandigwetsa ulesi, akuti kosi imeneyo ndi ya ma yo, ana a ku Area 43 ndi ku Namiwawa oti anakwerapo ndege, ife matradi timangokavutikako kenako nkuwidedwa. Akuti bola ndiike za uphunzitsi kaya unamwino. Bambo anga ndi mlimi wa fodya, laputopu sindinaigwirepo, nyumba yosanja ndinalowamo ku Lilongwe kokha titapita kukaona matenda. Ndiuzeni zoona Malume, musandinyengerere. Mtsikana wa ku Chamama.

YANKHO: Mwanawe, wati ndisakunyengerere ndiye sindikunyengerera. Msuweni wakoyo sananame zonse ayi, kungoti wasakaniza zoona ndi mantha ake.

Tiyambe ndi ndalama poti ndi pamene pamapweteka msanga. Kuno kwathu kosi imeneyi anthu amakaichita ku MUBAS ku Blantyre, ija tinazolowera kuitchula kuti Poly isanapatuke ku University of Malawi mu 2021. Fizi ukhoza kupempha ngongole ku Loans Board ngati anzako onse, imeneyo si nkhani. Nkhani ndi tinthu ting'onoting'ono tomwe sukulu za architecture kulikonse zimadya tsiku ndi tsiku: mapepala akuluakulu a A1, kupulinta, makatoni ndi guluu zopangira ma model (tinyumba ting'onoting'ono toonetsera pulani), timipeni, mapensulo, thiransipoti yokaona malo omwe akupatsani kuti mujambulirepo, kenako laputopu, osati ya bola kuyaka koma yoti inyamule mapulogalamu ojambulira mapulani monga AutoCAD, Revit kaya ArchiCAD osazima pakati pa ntchito. Mwana wa bwana model ikaphwanyika amakagula katoni ina, iwe umayamba wawerengera kuti ndikagula guluu ndiwo za mawa zichokera pati. Izi ukambirane ndi bambo ako fodya asanapite ku Chinkhoma, laputopu ilowe mu bajeti limodzi ndi feteleza, ngakhale yogwiritsidwapo kale bola ikhale yamphamvu. Mapulogalamu a Autodesk, kampani yopanga AutoCAD ndi Revit, ophunzira amapatsidwa ulere ukangosonyeza kuti uli pa sukulu, ndiye wina asakudyere ndalama pamenepo. Komanso kuyamba kwake sukulu zambiri zimayambitsa ndi pensulo ndi T-square, dzanja lako lija lojambula kumapeto kwa kope lidzagwira ntchito.

Koma chimene msuweni wako akumva mumtima osatha kuchifotokoza si ndalama. Kosi iyi sakhozera mu chipinda cha mayeso mokha. Mtima wa kosiyi uli mu studio, chipinda chomwe mumakhalamo usana ndi usiku aliyense pa tebulo lake, ndipo ntchito ikatha kumabwera chomwe amati crit. Umakhoma mapepala ako pakhoma, model yako pa tebulo, iwe chilili maso ali gwa chifukwa sunagone, zala zili nyankha ndi guluu, kutsogoloku kwakhala ma lecturer mwina ndi mlendo wochokera ku kampani, kumbuyoko anzako onse. Ndiye uyankhule. Ufotokoze mu Chingerezi chifukwa chimene khomo waliika uku osati uko, wina akudule pakamwa nkufunsa kuti concept yako, ganizo lalikulu la pulani yonseyo, ndi chani, wina anyamule model yako nkuitembenuza nkuzula denga kuti aone mkati. Mwana amene kwawo amatsutsana ndi bambo ake pa tebulo pakudya, amene anaphunzira sukulu yoti mphunzitsi umamuyang'ana m'maso nkumuuza kuti sindikugwirizana nazo, pamenepa amasambira. Iwe unaleredwa kuti wamkulu akamalankhula umagwada, maso pansi, nkumati eya. Ulemu womwewo umene ku Chamama amakutamira nawo, pa crit ena amauwerenga ngati sukudziwa chimene wajambula.

Zimenezi si za ku Malawi kokha ayi. Kunali katswiri wina wa za kakhalidwe ka anthu wa ku France, Pierre Bourdieu, anamwalira mu 2002, iyeyo anali mwana wa munthu wa ku positi ofesi kumudzi ndipo anakafika ku sukulu zapamwamba za ku Paris. Anaona kuti makolo olemera sasiyira ana ndalama zokha, amawasiyiranso kalankhulidwe, kavalidwe, kudziwa chomwe anthu apamwamba amati nchokongola, ndipo sukulu imapereka malikisi pa zinthu zimenezo ngati kuti ndi nzeru zobadwa nazo. Mu 1998 munthu wina wa ku Australia, Garry Stevens, anatenga maganizo omwewo nkuyang'ana nawo sukulu za architecture, nkupeza kuti kumeneko ndiye zimanyanya, chifukwa ntchito yake ambiri amaiyeza ndi diso ndi kukoma kwa pakamwa, palibe yankho limodzi ngati masamu. Mnzako akanena kuti izi ndinaziona ku Cape Town, si kuti wakuposa mutu, wangokuposa pasipoti.

Inu a ku Kasungu simufunika kuuzidwa zambiri pa nkhaniyi, muli nayo pafupi. Kamuzu Academy pa Mtunthama paja inatsegulidwa mu 1981, ana ankasankhidwa m'maboma onse chifukwa chokhoza bwino, nkumakaphunzira Chilatini ndi Chigiriki ndi kadyedwe ka mpeni ndi foloko. Ambiri mwa oyambawo anali ana a alimi ngati iwe ndipo anazidziwa zonsezo m'zaka zochepa. Ndiye kuti ndi zophunzirika basi, palibe amabadwa nazo.

Tsopano chimene msuweni wako sanakuuze. Iwe ukudziwa zinthu zomwe mwana wa mu mpanda wa njerwa sadziwa. Unaonapo nyumba ya mdindo ikukwera, dothi lonyowa pang'ono likuthiridwa pakati pa matabwa nkusinjidwa mzere ndi mzere. Ukudziwa chifukwa chimene chigafa cha bale chimakhala chopanda makoma, kuti mphepo idutse fodya aume osaola. Ukudziwa kuti nkhokwe saikhazika pansi, kuti khonde likafupika mvula imadya khoma kunsi, kuti malata opanda siling'i mu Okutobala masana simukhalika, kuti amayi saphikira mkati mwa nyumba ngakhale pulani itawaikira khitchini yokongola chotani. Zimenezi ndi architecture yeniyeni. Vuto ndi loti palibe adzakupatse malikisi chifukwa chongozidziwa, mpaka iwe mwini uzijambule bwino, uziyeze, uzifotokoze mosachita nazo manyazi.

Usanapite kulikonse kwera galimoto ufike pa boma, upemphe kuona chidikiro cha amayi oyembekezera chomwe chinamangidwa pa chipatala cha Kasungu mu 2015. Anajambula ndi bungwe la ma architect lotchedwa MASS Design Group. M'malo momanga chiholo chimodzi chachitali, anamanga tinyumba ting'onoting'ono tozungulira mabwalo, madenga otambalala opereka mthunzi, malo okhala panja, njerwa zake za dothi lothira simenti pang'ono zopanikizidwa ndi makina osaotcha. Nzeru yake anaitenga pa mmene mudzi wathu umakhalira, ndipo chimangocho chinatuluka m'magazini a ma architect kunja. Ukaone, ukakhale pa khonde pake, ukajambule mu kope. Ndiye uwerengenso za Francis Kéré wa ku Burkina Faso, wa m'mudzi wa Gando, amene anayamba ndi ukalipentala, nkupeza sikolashipu ya ku Germany, nkukamanga sukulu ya pulayimale kwawo mu 2001 ndi njerwa za dothi ndi denga la malata lokwezeka kuti kutentha kuzituluka. Mu 2022 analandira Pritzker, mphoto yaikulu kwambiri pa ntchitoyi, woyamba wochokera mu Africa. Koma ndisakupusitse, iyeyo anali mwana wa mfumu ndipo sikolashipu inamupeza, si aliyense wa kumudzi zimamuyendera choncho.

Chomwe ine chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi pambuyo pa digiri. Kuti udzatchedwe architect mwalamulo umayenera kugwira kaye ntchito pansi pa wina wolembetsedwa kale, ambiri amakawonjezeranso maphunziro kunja, ku South Africa kaya ku UK, ndipo omangitsa nyumba zofuna architect ndi boma, mabanki, mipingo, mabungwe ndi anthu a ndalama. Mwana wa bwana malo a attachment amawapeza ndi foni imodzi ya amalume ake. Iwe ayi. Ndiye ukakafika usakapange kagulu ka matradi okhaokha kumangonyoza ma yo pakona, ukakhale nawo, ukabwereke laputopu, ukawaphunzitse masamu a structures iwo akuphunzitse kuyankhula pa crit, manambala a foni amenewo ndi amene udzadyere. Mawu ukapanda kuwamva funsa pompo, paja safunsa anadya phula. Pa site amisiri ena adzayamba akuyesa poti ndiwe mkazi, zimenezo zimatha tsiku lomwe wagwira tepi nkuwasonyeza kuti khoma lapotoka.

Ika architecture pa fomupo. Pa mizere inayo uikepo makosi ena omwe ungawakonde, monga quantity surveying (kuwerengera zipangizo ndi ndalama zomangira) kaya civil engineering, chifukwa malo ndi ochepa ndipo olimbirana ndi ambiri.

FUNSO: A Malume, ine ndine mmisiri womanga nyumba kuno ku Santhe, ntchitoyi ndakulira nayo ndipo ndi imene ndaphunzitsira ana. Mnyamata wanga wachiwiri akuchita za mapulani a nyumba ku yunivesite. Poyamba ndinkanyada kuti tidzagwirira limodzi, iye pepala ine njerwa. Koma holide yapitayi wabwera ngati munthu wina. Ndamutenga ku ntchito akukana kukanda matope, wangoima poteropo manja m'thumba nkumajambula ndi foni. Pamaso pa anyamata anga akuti nyumba zomwe ndimamanga zilibe concept, mawindo ndi aang'ono, akuti timangokopera. Anzake akaimba foni amathawira kuseri kwa nyumba nkuyamba Chingerezi cha m'mphuno. Mayi ake akuti ndimusiye. Kodi sukuluyi imaphunzitsa ana kunyoza makolo? Bambo wa ku Santhe.

YANKHO: Bambo, pepani, zopweteka ndithu makamaka pamaso pa anyamata omwe amakutchulani kuti abwana. Pamenepo mwanayo analakwa ndipo mumuuze, pa awiri, osati pa gulu ngati mmene anachitira iye.

Pa timetable palibe phunziro la kunyoza makolo, koma sukulu imaumba munthu ngakhale pa zomwe sizilembedwa. Mwana wanuyo kumene aliko amaona amene akutamidwa, mmene amavalira, mayina a ma architect otchuka akunja omwe amatchula, Le Corbusier, Zaha Hadid, ndipo palibe tsiku anamvapo wina akutama mmisiri wa ku Santhe. Akuyesetsa kufanana ndi anzake kuti asaoneke wa kumudzi, ndiye akabwera kuno chinthu choyamba chomwe chimamukumbutsa kumene akuthawa ndi inuyo ndi ovolosi yanu. Kuthawira kuseri ndi foni kuja si kunyada kokha, mwina anzakewo sanawauze kuti bambo ake ndi mmisiri.

Matenda amenewa ndi akale pa ntchitoyi. Ku Britain, komwe tinatengera kachitidwe kathu, ma architect anapanga bungwe lawo ku London mu 1834, lija pano limatchedwa RIBA, ndipo china chomwe ankafuna nkudzipatula kwa omanga, kuti wojambula akhale njonda ya taye, wogwira njerwa akhale wantchito. Pali wina wotchuka dziko lonse, Mies van der Rohe wa ku Germany, bambo ake anali mmisiri wosema miyala ku Aachen ndipo iye anayambira pa ntchito ya bambo akeyo. Atafika ku Berlin nkuyamba kujambulira anthu olemera, anawonjezera dzina la kwa mayi ake nkuikapo van der pakati kuti limveke ngati la kubanja lapamwamba. Ndiye wanuyo sanafike posintha dzina, kkkk, bola. Ngakhale kwathu konkuno, tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre Mission chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891, aliyense amadziwa dzina la m'busa David Clement Scott amene anachilingalira ngakhale sanaphunzire za architecture, koma anthu akuda omwe anaumba njerwa nkuziyala mpaka pamwamba paja ndi angati amawatchula?

Komano bambo, nanunso ndikufunseni. Zonse zomwe wanenazo ndi zabodza? Nyumba zambiri m'matauni athu ang'onoang'ono ndi pulani imodzi yomweyo, sitingi rumu kutsogolo, kolido yamdima pakati, timawindo tating'ono, khonde longokwana mpando umodzi, kaya dzuwa likuchokera kuti kaya mphepo ikuombera kuti. Ena pofuna kupulumutsa ndalama za mwini nyumba amadumpha pepala la pulasitiki loletsa chinyezi pa maziko, amadumpha ring beam, lamba wa konkire womanga makoma pamwamba uja, simenti nkuichepetsa. Namondwe Freddy mu Malichi 2023 anatisonyeza ku Chilobwe ndi ku Soche kuti malo omangapo ndi kamangidwe ndi nkhani ya moyo. Komanso kuyambira 2018 malamulo anayamba kuletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomanga za boma ndi zikuluzikulu, ntchito zikupita ku mabuloko a simenti ndi njerwa zopanikiza zija, ndipo zimenezi mwana wanu akuziphunzira. Pali zoti mutolepo.

Ine ndikanakhala inu ndikanachita chonchi. Kasitomala wotsatira akabwera, muuzeni mnyamatayo kuti pulani ajambule iye, mwini nyumba akambirane naye yekha, amve ndi makutu ake munthu akunena kuti ndili ndi matumba a simenti akutiakuti basi, malata ndigula ndikagulitsa soya. Concept ija ikumane ndi thumba la mlimi. Kenako tsiku loyala maziko mumupatse chingwe, zikhomo ndi tepi, mumuuze kuti atulutse kona. Ambiri pamenepa amatuluka thukuta. Akalephera mumusonyeze mmene mumachitira inu, kuyeza 3 mbali iyi, 4 mbali iyo, pakati nkupeza 5, iye adzazindikira yekha kuti ndi Pythagoras yemwe uja wa ku sekondale, bambo ake akumugwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku opanda kakyuleta. Mumusonyezenso levulo ya paipi ya madzi, mmene mumadziwira ndi dzanja kuti mchenga uwu uli ndi dothi sugwira pulasitala, mmene njerwa yopsa bwino imalirira mukaigogoda. Mnzake wa ku Sunnyside zimenezi adzazilipirira kwa foromani pa site ali ndi digiri kale, wanuyu ali nazo pakhomo zaulere.

Chinthu chimodzi musachite: musamamutchule kuti bwana architect monyogodola anyamata anu akuseka. Mukatero ndiye holide yotsatira adzapeza chifukwa chotsalira ku tauni. Ndipo mayi ake amufunse bwinobwino za ndalama. Ana ambiri ochokera m'mabanja ngati lanu amaoneka odzimva chonsecho kusukuluko akugona ndi njala kuti apulinte mapepala, nkumabisa kuti makolo asadandaule.

FUNSO: Malume, ine ndinachita bricklaying ku technical college, kenako ndinadziphunzitsa AutoCAD pa YouTube. Pano ndimajambulira anthu mapulani pa Kasungu boma ndipo amanditchula kuti architect. Ndikufuna kulembetsa chikwangwani, ndilembepo dzina limeneli? Wina wa digiri anandinena kuti ndine wojambula chabe. Mnyamata wa pa boma.

YANKHO: Usalembepo mphwanga. Dzina limenelo lili ndi lamulo lake, pali Board of Architects and Quantity Surveyors yomwe imalembetsa anthu ake, ndipo tsiku lomwe nyumba idzang'ambike wina nkupita ku khoti chikwangwani chomwecho ndi chimene chidzakumange. Lemba kuti timajambula mapulani a nyumba, makasitomala ako akusowa zimenezo basi. Wa digiri uja kalankhulidwe kake nkoipa, ndipo nzoona kuti nyumba zambiri zomwe Amalawi akukhalamo zinajambulidwa ndi anthu ngati iwe kaya mmisiri pansi ndi kamtengo, architect sanapondepo. Koma dziwa polekezera. Nyumba yosanja, holo ya tchalitchi yotambalala, chilichonse chokhala ndi silabu pamwamba, pezana ndi injiniya ndi architect wolembetsedwa, mugawane ndalamazo. Ngati dzinalo ukulifunadi, mayunivesite a boma amatenga anthu pa mature entry, amayang'ana MSCE, mapepala a ku koleji ndi zaka zomwe wagwira ntchito. Yamba pano kusunga mapulani ako onse mu fayilo imodzi pamodzi ndi zithunzi za nyumba zomwe zinamangidwadi, ndipo ngati masamu kaya Chingerezi sizinakhale bwino pa MSCE kalembenso chaka chikubwerachi.